Wosoka akalowa ganyu m'shopu ya nsalu, phindu lenileni si malipiro a pamwezi

Ku Midzemba, kumunsi kwa boma la Neno, monganso m'madera ena ambiri, aliko amayi ndi achinyamata omwe amadziwa kusoka koma sadzitcha atelala. Makina ali pabalaza, ofunditsidwa chitenje chakale, ndipo amawavundukula pakakhala diresi ya mwana yofuna kusoka, chitenje cha apongozi chofuna kupinda kapena siketi ya mnansi yoduka zipi. Malipiro ake amakhala “zikomo” kapena kambale ka ufa. Amasoka chifukwa mtima wawo uli pamenepo.

Munthu wotereyu akaitanidwa ndi mwini shopu ya nsalu kuti azidzathandiza masiku awiri kapena atatu pasabata, savuta kuvomera. Tsiku lonse akhala akugwira zitenje, akuona maluwa atsopano asadafike kwa wina aliyense, ndipo mwezi ukatha alandira kangachepe. Yagwa m'mbale ndi ndiwo.

Koma ganyu imeneyi ili ndi makomo awiri otulukira. Wina amatuluka ndi mpamba, dzina labwino ndi makasitomala akeake. Wina amatuluka ndi ngongole kwa abwana komanso sutikesi yodzaza zitenje zomwe sangazigulitse pamtengo womwe adazitengera. Onsewo amalandira ndalama zofanana. Chomwe chimawasiyanitsa ndi zomwe adagwirizana asadayambe ntchito, zomwe adaphunzira ali pakauntala, ndi komwe malipiro awo ankapita mwezi ndi mwezi.

Komwe nsalu imachokera

Neno lidakhala boma palokha mu 2003 litachoka ku Mwanza, ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti kuli anthu opitirira 138,000. Bomali lilibe tauni yaikulu, choncho nsalu yogulitsidwa kuno imakapikulidwa kwina. Ena amakwera minibasi pamsewu wa M1, kudutsa pa Zalewa ndi Lunzu, kukaoda ku Blantyre ndi ku Limbe. Ena amapatukira msewu wa M6 wopita ku Mwanza, kuchipata cholowera m'chigawo cha Tete ku Mozambique, komwe chitenje amachitcha capulana. Zitenje zina zimalowa m'dziko muno kuchokera ku Tanzania kudzera pa Songwe, zina kuchokera ku Zambia kudzera pa Mchinji, ndipo zambiri mwa izo zidadindidwa ku China kapena ku India. Kuno kumudzi kuli fakitale ya David Whitehead & Sons ku Blantyre, yomwe idayamba m'zaka za m'ma 1960 ndipo mu 2003 idachoka m'manja mwa boma n'kukhala Mapeto David Whitehead & Sons.

Kaamba koti nsalu yambiri ndi yakunja, mtengo wake umayenda ndi ndalama ya dola. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Ogulitsa omwe adapitiriza kugulitsa pamtengo wakale adatsala ndi mashelefu opanda kanthu ngakhale ndalama zidali m'thumba.

Phunziro loyamba la pakauntala lili pamenepa: mtengo wogulitsira umatsatira mtengo wokaodera mawa, osati womwe munthu adaodera dzulo. Mwachitsanzo, chitenje chopikulidwa pa K6,000 n'kugulitsidwa pa K7,500 chimaoneka ngati chabweretsa K1,500. Koma wogulitsa akafika ku Limbe n'kupeza chafika pa K7,200, watsala ndi K300 yokha, ndipo thiransipoti sidachotsedwebe. Manambala awa ndi achitsanzo chabe, aliyense aikepo a kumsika kwake, koma masamu ake sasintha. Wosokera kunyumba amangodandaula kuti zitenje zakwera. Waganyu watcheru amamva chifukwa chake, ndipo amadziwiratu sabata yomwe zikwere.

Chomwe wosoka amabwera nacho

Mwini shopu sakuchita chifundo polemba munthu wodziwa kusoka. Akugula luso lomwe wogulitsa wamba alibe, ndipo waganyu ayenera kudziwa zimenezi asadayambe kukambirana za malipiro.

Anthu ambiri olowa m'shopu ya nsalu amadziwa chovala chomwe akufuna koma sadziwa kuchuluka kwa nsalu yake. Wogulitsa wamba amangofunsa kuti “mamita angati?” Wosoka amayang'ana msinkhu ndi thupi la kasitomala, amafunsa sitayilo, n'kunena mwaulemu kuti: “Mayi, chilundu chokhala ndi manja otere mamita anayi sakwana, makamaka mukafuna ndi duku lomwe. Onjezerani pang'ono kuti atelala asakakubwezeni.” Kasitomala wotere sabwera kawiri kudzafuna nsalu yomwe yatha kale, ndipo sapita akunyoza shopu.

Wosoka amadziwanso kuti nsalu sizifanana m'lifupi. Zitenje zambiri zimakhala pafupifupi mainchesi 45, omwe ndi masentimita 114, pomwe nsalu zambiri za mathalauzi ndi masuti zimafika mainchesi 60, pafupifupi masentimita 150. Chovala chimodzimodzi chimadya nsalu yaitali ikakhala yopapatiza, n'kudya yochepa ikakhala yotakata. Chitenje cha maluwa akuluakulu chimadyanso yochuluka chifukwa maluwawo ayenera kukumana bwino pamsoko.

Chinanso, wosoka amagulitsa tizinthu tomwe wina angaiwale: ulusi wogwirizana ndi mtundu wa nsalu, zipi ya utali woyenera, lainingi, mabatani, lasitiki. Tizinthu timeneti timaoneka tonyozeka, koma sitikhalitsa pashelefu ndipo timabwezetsa ndalama msanga. Munthu yemwe adabwerera chitenje chokha akatuluka ndi zonse zofunika kwa telala, mwini shopu wapindula ndipo kasitomala wapulumuka ulendo wachiwiri.

Mfundo zimangidwe ntchito isadayambe

Ganyu zambiri za m'madera ngati Midzemba zimayamba pachibale kapena pachinansi. Mwini shopu ndi azakhali, ndi a mumpingo, ndi mlamu. N'chifukwa chake anthu amachita manyazi kufunsa za ndalama, poopa kuoneka adyera. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Mkangano wa pamwezi wachitatu umawononga chibale kuposa funso la tsiku loyamba.

Lamulo la zantchito la m'dziko muno, Employment Act ya 2000, limati maola ogwira ntchito asapitirire 48 pasabata ndipo malipiro aziperekedwa m'ndalama. Mu 2024 boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi, ndipo mu Juni 2025 lidawakwezanso kufika pa K126,000. Mabizinesi ang'onoang'ono ali ndi mlingo wawo wotsikirapo, ndipo ofesi ya zantchito ya paboma ndiyo imafotokoza mlingo womwe ukugwira ntchito panthawiyo. Waganyu wa masiku ochepa salandira ndalama ya mwezi wathunthu, koma manambalawa amamuthandiza kuwerengera mtengo wa tsiku lake.

Mfundo zofunika kumanga ndi zisanu ndi imodzi, ndipo zilembedwe m'kope, onse awiri n'kusainira pamaso pa mboni.

Yoyamba ndi masiku ndi maola. Ganyu ya masiku awiri imasanduka ya masiku asanu mwakachetechete abwana akayamba kunena kuti “tangobwerani mudzandigwirire pang'ono, ndikupita kumaliro.” Tsiku loonjezera likhale ndi mtengo wake.

Yachiwiri ndi malipiro ndi tsiku lolandira. Ngati pali kena kake pa katundu aliyense wogulitsidwa, kadziwike kuti ndi kangati.

Yachitatu ndi shoti. Ndalama kapena katundu akasowa, alipira ndani? Waganyu asavomere kusenza shoti ya masiku omwe iye kudalibe. Njira yabwino ndi kuwerenga sitoko limodzi polandirana ndi potsanzikana, n'kulemba.

Yachinayi ndi mtengo womwe waganyu azigulira nsalu yake: wa aliyense, kapena wotsitsako?

Yachisanu ndi zidutswa zotsala kumapeto kwa mpukutu. Kwa mwini shopu ndi zinyenyeswa, kwa wosoka ndi zikwama, tizipewa ta ana ndi zomangira tsitsi. Zikatengedwa popanda chilolezo, dzina lake ndi kuba.

Yachisanu ndi chimodzi ndi maoda osoka ochokera kwa makasitomala a m'shopu. Iyi ndiyo mfundo yonona kuposa zonse, ndipo ndiyo imadanitsa anthu ikasiyidwa m'malere.

Yadi si mita

Chida chachikulu cha m'shopu ya nsalu ndi tepi yoyezera ndi sizasi. Apa ndi pomwe ndalama zimapangidwa kapena kutayika popanda wina kuzindikira.

Zitenje zambiri zakunja zimabwera zoyezedwa m'mayadi, pomwe ogula kuno amalankhula za mamita. Yadi imodzi ndi masentimita 91.44, mita ndi masentimita 100. Pisi yolembedwa mayadi 6 ndi mamita 5.49 okha, ndipo ya mayadi 12 ndi mamita 10.97. Wogulitsa akadula pisi ya mayadi 6 patatu, chitenje chilichonse chimakhala mita imodzi ndi masentimita 83, osati mamita awiri. Chovala m'chiuno chimakwana, koma kwa telala yemwe adapempha mamita awiri enieni, masentimita 17 osowawo ndi dzanja la bulauzi.

Waganyu wodziwa kusoka ndiye woyamba kuona kusiyanaku. Akamuuza kasitomala zoona, kuti “achemwali, ichi ndi cha mayadi awiri, ngati n'chosoketsa tengani chokulirapo,” amateteza dzina la shopu ndi lake lomwe. Kubisa kumapindulitsa tsiku limodzi, koma telala wa pakhonde akatambasula tepi yake, nkhani imafika msika wonse.

Mbali ina ya tepi ndi dzanja lopatsa. Wosoka amamvera chisoni ogula chifukwa nayenso ndi wogula, choncho amakonda kusuntha chala pang'ono kuti kasitomala asapereweredwe. Masentimita 5 pa munthu mmodzi saoneka. Akadulira anthu 20, mita yathunthu yapita ulele. Pamwezi, imeneyo ndi shoti yomwe mwini shopu adzaifunse kwa waganyu yemweyo. Basela ndi chinthu chabwino pamalonda, koma wopereka akhale mwini katundu, ndipo ilembedwe.

Kudula mokhota nakonso kumadya nsalu. Mpukutu ukadulidwa mopendama, wogula wotsatira amafuna kuti awongoleredwe, ndipo kachidutswa kowongolerako kamatayika. Sizasi ya nsalu isadule pepala, chingwe kapena pulasitiki, chifukwa ikabuntha imatafuna nsalu m'malo modula. Nsalu isakokedwe poyeza, makamaka yotamuka, chifukwa ikafika kunyumba imabwerera n'kuperewera.

Kudziwa nsalu ndi manja

Kunyumba munthu amagwira nsalu ziwiri kapena zitatu pamwezi. M'shopu amagwira makumi angapo patsiku. Imeneyi ndi sukulu yomwe ena amalipira fizi kuti aipeze.

Zitenje zomwe anthu amazitcha java zidatenga dzina kuchilumba cha Java ku Indonesia, komwe kuli luso lakale lojambula nsalu ndi phula lotchedwa batik. Azungu a ku Netherlands adatengera lusolo n'kuyamba kudinda ndi makina, ndipo kampani ya Vlisco ya mumzinda wa Helmond, yomwe idayamba mu 1846, ikupangabe nsalu zoterezi mpaka lero. Zake ndi zodula kwambiri, n'chifukwa chake misika ya mu Africa idadzaza ndi zofanizira. Mawu oti “wax” olembedwa m'mphepete mwa chitenje kapena pepala lonyezimira lomatidwa pamwamba si umboni wokwanira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali njira zosavuta zoyesera. Nsalu yodindidwa ndi phula lenileni imaoneka chimodzimodzi mbali zonse ziwiri, pomwe yodindidwa pamwamba pokha imakhala yotuwa kuseri. Kansalu koyera konyowa kakatikitidwa pakona ya chitenje n'kutenga utoto, chitenjecho chidzasuluka ndipo chidzaipitsa zovala zina pochapa. Chitenje cholimba ngati katoni nthawi zambiri chimakhala chodzaza sitachi: kona yake ikafikisidwa m'manja, sitachi imagwa ndipo kupyapyala kwa nsaluyo kumaonekera.

Kusiyanitsa thonje ndi poliyesita kumafuna kaulusi kochotsedwa m'mphepete ndi machesi, panja, kutali ndi mipukutu. Thonje limayaka ngati pepala, limanunkha ngati pepala ndipo limasiya phulusa lofewa. Poliyesita imathawa moto, imasungunuka n'kusiya kamkanda kolimba kakuda. Kumunsi kwa Neno, komwe kumatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, kusiyanaku n'kofunika: thonje limamwa thukuta, poliyesita imatenthetsa thupi koma sikhwinyata msanga ndipo imauma mwachangu. Thonje limafupikako likachapidwa koyamba, choncho wosoka wanzeru amalangiza kuti lichapidwe lisadadulidwe.

Zonsezi zikalowa m'manja, munthu sangapusitsidwenso pokaoda. Tsiku lomwe adzapite yekha ku Limbe ndi mpamba wake, luso limeneli lidzamupulumutsira ndalama zoposa malipiro onse omwe adalandira paganyu.

Malonda a nsalu ali ndi nyengo

Waganyu yemwe amasunga kope lake, n'kumalemba chomwe chatuluka kwambiri sabata iliyonse, pakutha pa chaka amakhala ndi kalendala yomwe sigulitsidwa m'sitolo iliyonse.

Ndalama m'midzi zimabwera ndi zokolola. Alimi akayamba kugulitsa thonje, chimanga, kenako nandolo, komanso kumtunda kwa Neno kachewere ndi manachesi zikayamba kutsika, msika wa nsalu umadzuka. Miyezi yopanda mvula ndiyonso ya zinkhoswe ndi maukwati, pomwe banja limodzi limafuna chitenje cha mtundu umodzi cha anthu ambiri. Oda yotere imafuna wogulitsa wotsimikiza kuti mtunduwo ulipo wokwanira asadalandire ndalama, chifukwa maluwa akatha koodera sabweranso msanga.

Sukulu zimatsegulira chaka chatsopano mu Seputembala, choncho nsalu ya yunifolomu iyenera kukhala pashelefu mu Ogasiti. Pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala, ndipo chitenje ndi imodzi mwa mphatso zomwe ana amakonda kugulira amayi awo. Disembala ndi wa Khirisimasi. Chikondwerero cha Eid chimasuntha chaka ndi chaka, choncho wogulitsa amafunsiratu kwa makasitomala achisilamu. Magulu a amayi a m'mipingo, monga a Mvano ku CCAP, a Dorika ku Seventh-day Adventist ndi amayi Achikatolika, amafuna yunifolomu chaka chonse, makamaka misonkhano ikuluikulu ikayandikira.

Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yowuma. Ndalama zimapita ku feteleza, fizi ndi chimanga, ndipo m'shopu mumangolowa ntchentche. Mwini shopu akafuna kuchepetsa masiku a waganyu, amachita nthawi imeneyi. Wodziwiratu amasunga kangachepe m'miyezi yonona.

Kaunjika ndi mdani wa shopu ya nsalu chifukwa malaya osokasoka a pamulu nthawi zambiri amatchipa kuposa kugula nsalu ndi kulipira telala. Koma kwa wosoka, kaunjika yemweyo ndi munda: thalauzi lalitali lifuna kudulidwa, diresi yaikulu ifuna kuchepetsedwa. M'miyezi yowuma, ntchito zokonzakonzazi ndi zomwe zimagula mchere ndi sopo.

Msampha uli pashelefu

Munthu wokonda kusoka akaikidwa pakati pa zitenje ali ngati mbuzi yomangidwa m'munda wa chimanga. Katundu watsopano akamasulidwa, iye ndiye woyamba kuona, ndipo abwana amangoti “tengani, tidzadula pamwezi.” Mawu amenewa ndi okoma kwa onse awiri: mwini shopu wagulitsa, waganyu watenga osatulutsa ndalama.

Masamu ake ndi awa, mwachitsanzo. Waganyu wa masiku awiri pasabata agwirizana K40,000 pamwezi. M'kati mwa mwezi watenga zitenje zitatu za K9,000 chimodzi, zomwe ndi K27,000. Watenganso ulusi, zipi ndi lainingi za K5,000. Kabaza wamudyera K8,000. Tsiku lolandira likafika, palibe cholandira. Mwezi wotsatira amayamba ndi ngongole, ndipo akafuna kusiya ntchito sangathe chifukwa kope la abwana likumudikira. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Zitenje zili m'sutikesi si mpamba. Zidatengedwa pamtengo wogulitsira, choncho sizingagulitsidwenso ndi phindu, ndipo maluwa ake akatha fasho mtengo umatsika.

Lamulo lodziteteza nalo ndi limodzi: nsalu ituluke m'shopu pokhapokha pali oda, ndipo mwini odayo wapereka ndalama yoyambira yokwana kugula nsaluyo. Chitenje chodzisangalatsa nacho chigulidwe ndi ndalama m'manja, kamodzi pakanthawi, malipiro atalandiridwa kale. Ndipo gawo la malipiro lichoke m'manja tsiku lomwelo, lipite kubanki mkhonde, kuchipereganyu kapena ku Airtel Money ndi TNM Mpamba, komwe silingasanduke chitenje madzulo omwewo.

Ngongole ina yoopsa ndi ya achibale. Anthu akamva kuti mwana wawo ali m'shopu, amabwera ndi “tipatseniko, tidzapereka tikagulitsa nandolo.” Waganyu alibe mphamvu yokongoza katundu wa mwini. Yankho laulemu lilipo: “Pepani azakhali, katunduyu si wanga, dikirani abwana abwere mulankhule nawo.” Akakongoza yekha, ngongoleyo ndi yake.

Kasitomala ndi wa yani?

Munthu akagula nsalu, funso lotsatira limakhala loti “kodi telala wabwino ali kuti?” Waganyu wodziwa kusoka amakhala ataima pamalo pomwe funsoli limafunsidwa tsiku lililonse. Atelala ena amalipira lendi ya pakhonde la shopu kuti angokhala pafupi ndi funso limeneli.

Pali njira zingapo zogwirizanirana. Ena amalola waganyu kulandira maoda n'kukasokera kunyumba masiku omwe sali pantchito, bola nsalu yagulidwa m'shopumo. Ena amalola makina kukhala pakhonde, wosoka n'kumapereka kangachepe pa chovala chilichonse kapena pamwezi. Ena amapereka nsalu kuti waganyu asoke mayunifolomu kapena madiresi a ana ogulitsa m'shopu, n'kumulipira pa chovala chilichonse. Njira iliyonse ndi yabwino ikakhala yodziwika kwa onse awiri.

Chomwe chimaononga ndi kuchita mobisa: kunong'oneza kasitomala kuti nsalu yotchipa ili kwina, kusoka maoda aumwini nthawi ya abwana ogula akudikira, kapena kunyoza atelala ena omwe akhala akutumiza anthu kushopuko kwa zaka. Atelala a pamsika ndi makasitomala akuluakulu a ulusi, zipi ndi lainingi. Akaona kuti waganyu akuwalanda ntchito mwachinyengo, amakagula kwina, ndipo mwini shopu sachedwa kuona yemwe wabweretsa vutolo. Waganyu wochenjera amalandira ntchito zomwe angazithe, zomwe sangazithe, monga suti kapena diresi ya mkwatibwi, n'kuzitumiza kwa odziwa. Mawa iwonso amamutumizira zing'onozing'ono.

Apa ndi pomwe wosoka wongokonda amayenera kusintha khalidwe. Zaulere zimatha. Mtengo wosokera uwerengere ulusi, singano, mafuta a makina, makala a simbi kapena magetsi, ndi maola omwe ntchitoyo yadya. Miyezo ya kasitomala ilembedwe m'kope pamodzi ndi kachidutswa ka nsalu yake, tsiku lodzatenga ndi ndalama yomwe wapereka. Atelala ali ndi mbiri yoti “bwerani mawa” satha. Yemwe amapereka chovala pa tsiku lomwe adalonjeza safuna chikwangwani. Kulandira maoda khumi sabata ya Khirisimasi uku masiku atatu ali m'shopu ndi kudziitanira chipongwe. Mapanga awiri avumbwitsa.

Kudziwa nthawi yowerengera

Ganyu ya m'shopu ya nsalu siyenera kukhala yamuyaya kwa munthu yemwe cholinga chake ndi kudziimira. Siyeneranso kuthawidwa msanga. Chaka chimodzi chimamuonetsa munthu nyengo zonse: yokolola, ya maukwati, ya yunifolomu, ya Khirisimasi ndi ya njala. Wochoka patatha miyezi itatu ya malonda otentha amaganiza kuti chaka chonse chimakhala choncho.

Yemwe akufuna kukulitsa luso angathe kufunsa ku TEVETA, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, za komwe kuli maphunziro a utelala ndi mayeso ake. Pepala limathandiza pofuna maoda a sukulu ndi mabungwe. Pankhani ya makina, opalasa ndi mapazi amagwira ntchito magetsi alipo kapena palibe, ndipo zipangizo zake zimapezeka msanga. Ndi poyambira pabwino kwa wa mpamba wochepa.

Miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, waganyu atsegule kope lake n'kudzifunsa mafunso atatu. Kodi ndalama zosungidwa zikuposa ngongole ya kwa abwana? Kodi alipo anthu angati omwe adasoketsa kawiri kapena kuposa? Kodi atapatsidwa mpamba lero, akudziwa koodera, mtengo wake, thiransipoti yake ndi mtundu wa nsalu womwe sukhalitsa pashelefu? Mayankho akakhala abwino, ganyuyo ikulipira kawiri. Akakhala oipa miyezi isanu ndi umodzi iwiri yotsatizana, ndiye kuti waganyu wasanduka kasitomala wokhulupirika wa abwana ake, wobwera ndi kukagwira ntchito yomwe.

Tsiku lochoka likafika, achoke masana. Anene nthawi ilipo, awerenge sitoko limodzi ndi mwini shopu, alipire chilichonse chomwe chili m'kope, ndipo ngati n'kotheka aphunzitseko womulowa m'malo kuyeza ndi kudula. Midzemba ndi malo aang'ono, ndipo abwana a lero ndi omwe mawa adzamugulitse nsalu pamtengo wopikula, kumutengera katundu ku Limbe kapena kumulozera kasitomala wofuna telala.